Lancha ya Glória

Tete, 8 Maio 2022

Okondedwa amake Albina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu ndi ana. Ine kuno ndikudzuka, kungoti dzuwa la ku Tete silidziwa kuti kwanuko chisanu chayamba. Moni kwa amayi, ndi kwa alamu anga a Clifford mukawaona. Ndalemba kalata chifukwa foni ya aneba athu a Pedro ija ili ndi makutu ambiri. Tsiku lija ndinangoti ndili ndi chimfine, sabata isanathe alongo anga ku Nsadzo anamva kuti ndagonekedwa m'chipatala.

Ndapatsira a Welcome, oyendetsa minibasi ya ku Cassacatiza ija timati shapa, shuga, sopo ndi kapulana yobiriwira. Akasiya pa sitolo ya pamphambano monga mwa nthawi zonse. Nsapato za Albina ndikuopa kugula ndisanadziwe phazi. Mumuyeze ndi kachingwe, mundipatsire.

Ndinalonjeza kuti ndibwera kumapeto kwa mwezi uno kudzathandiza kukolola, koma zandivuta. Ku ofisina, kugalaja kwathu kuno, magalimoto achuluka, ndipo masiku a Loweruka abwana anga a Carlos sandisiyanso. Dzulo lomweli ndinali nawo pa lancha ya Glória kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Panali iwowo, akazi awo Dona Marta, ndi mnzawo wina dotolo wa mano. Anthu amenewa mukanawamva mukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Nkhani yawo ndi imodzi basi, mtsinje. A dotolo akuti pa feriyasi, tchuthi chawo cha chaka chatha, anagwira mcheni wotalika ngati mwendo. A Carlos akuti eya, mwendo wake wa nkhuku. Dona Marta amangoti onsewo ngabodza, nsomba imene amuna awo anabwera nayo kunyumba chaka chonsechi ndi ya m'chitini. Akatopa ndi nsomba amayamba za mawondo ophwanya ndi za ana awo osaimba foni, kenako abwereranso ku mtsinje konkuja. Ine ndimangomvetsera, n'kumadya nawo nkhuku yootcha.

Mundiuze za chimanga cha kumunda wakudambo. Nkhokwe ija mwapeza woiluka?

Ndine mwamuna wanu,
Octávio

*

Mualadzi, 19 Meyi 2022

Bambo a Albina,

Tili bwino, poti mwafunsa. Katundu wafika. Chitenjecho n'chokongola, moti ndinayamba ndadzifunsa kuti wakusankhirani ndani, chifukwa inu zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mwakhala mukundigulira zofiirira ngati ndine wamasiye.

Chimanga chakudambo chachita bwino. Tikukolola ine, amayi ndi Albina akaweruka kusukulu. Nkhokwe ndaluka ndekha, yapendekeka koma yaima. Kachingwe ka phazi kali m'kalata momwemu.

Tsopano ndifunse. Glória ndani?

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwandifotokozera a Carlos, mwandifotokozera akazi awo, mpaka dotolo wa mano mwandiuza ntchito yake. Koma mwini wake wa lanchiyo mwangomutchula dzina n'kudumpha ngati mwaponda minga. Ine Chipwitikizi chanucho sindinaphunzire, sukulu yanga ndi ya ku Zambia komwe tinathawira nkhondo, koma lanchi ndimaidziwa. Lanchi ndi chakudya chamasana. Kuti ndisakunamizireni, ndinafunsa aphunzitsi a Ivone titakumana kumjigo. Kalata sindinawaonetse, za m'nyumba mwanga sindiyanika pabwalo, ndinangoti kodi lanchi pa Chipwitikizi n'chiyani. Anati ndi kachakudya ka kumadzulo, tiyi ndi buledi. Ndiye mundiuze inuyo, ndi tiyi wanji womwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, Loweruka lililonse, mpaka munthu kulephera kudzakolola chimanga chimene ana ake adzadye?

Mwina ndi mlongo wawo wa abwana anu. Mwina ndi mayi wachikulire wokonda alendo. Ndayesetsa kumuveka imvi m'maganizo mwangamu koma zikukana. Pa Pasaka munabwera mutanenepa masaya, mukuimba mluzi posamba, ine n'kumati ntchito ikuyenda. Tsopano mluzi uja ndayamba kuumva mwina.

Za mtsinje anzanuwo azikamba okha, inu mukudziwa chimene munandilonjeza. Mundiyankhe ndi shapa yomweyi.

Idesi

*

Tete, 29 Maio 2022

Alongo anga a Florência,

Moni inu ndi alamu ndi onse a ku Nsadzo. Ndikulembera inu chifukwa ndadziika ndekha m'mavuto ndipo ndilibe wina womuuza. Mukawerenga muing'ambe.

Idesi akuganiza kuti ndili ndi mkazi kuno dzina lake Glória. Musayambe kunditukwana, mverani kaye. Glória si munthu. Ndi bwato la injini la abwana anga, loyera, lokwana anthu asanu ndi mmodzi. Mabwato otere kuno amati lancha. A Carlos analitcha dzina la malemu amayi awo. Mwezi wa Janeiro injini yake inafa, ine ndinaikonza, ndiye anati wokonza ayese yekha pamadzi. Ndinakwera. Kuyambira tsiku limenelo ndine woyendetsa wawo pa Zambezi Loweruka lililonse.

Mukuti bwanji osangomuuza mkazi wako? Kumbukani. Chaka cha 1994 atangobwerako ku Zambia, atate ake a Severino anamutenga kukafunafuna abale tsidya lina la Luia. Bwato linali laling'ono, anayamba iwo kuwoloka ndi katundu, iye akudikira pagombe. Munthu wopulumuka nkhondo yonse anamira mwana wake wa zaka khumi ndi chimodzi akuona. Mtembo sunapezeke, mpaka lero manda awo kulibe. Tsiku la chinkhoswe chathu inu munalipo. Idesi sanapemphe nyumba yamalata kapena njinga. Anapempha chinthu chimodzi pamaso pa ankhoswe, kuti ndisadzakwere bwato ndili mwamuna wake. Anthu anaseka poti ku Mualadzi bwato ungalione kuti, inenso ndinalumbira ndikuseka.

M'kalata muja ndinalemba dala mawu akuti lancha. Ndimati bodza sindinanene, koma iye samva. Sindinadziwe kuti amva zakezake za ku Zambia. Tsopano ndikanena kuti ndi bwato, ndaulula kuti ndinaswa lumbiro. Ndikakhala chete, ndine wachigololo. Ndasowa pogwira, alongo.

Chonde pitani ku Mualadzi mukamukhazike mtima pansi. Mukamuuze kuti mlongo wanu mumamudziwa, sangachite zoterezo. Za bwato zokhazo musatchule, ndidzapeza tsiku labwino ndekha.

Mlongo wanu,
Octávio

*

Tete, 29 Maio 2022

Okondedwa amake Albina,

Ndasangalala kumva za chimanga, ndipo za nkhokwe mwandichititsa manyazi. Nsapato za Albina ndi izi, ndagula zokulirapo pang'ono.

Za Glória musadwale nazo mutu. Ndi wa a Carlos, si wanga, ndipo ndi wokalamba ndithu, amangofuna womusamalira. Ine ndimathandiza poti abwana anandipempha, ndikanakana bwanji. Chikwatirane chathu sindinakhudzepo mkazi wina, ichi ndikulumbira pa mtanda. Kapulana ija ndinasankha ndekha, wogulitsa ndiye anati zofiirira zatha. Zina ndidzafotokoza pamaso ndikapeza mpata.

Ndine wanu,
Octávio

*

Nsadzo, 20 Junho 2022

Octávio,

Moni ndikupatsa chifukwa ndiwe mwana wa amayi anga, koma ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu. Kalata yako sindinaing'ambe, ndaisunga m'buku la nyimbo kuti tsiku lina udzaone wekha uchitsiru wako.

Ndinapita. Ndapalasa njinga tsiku lathunthu pa msinkhu wanga uno, mpaka lero ndikukhala chammbali. Mlamu ndinamupeza akutonola chimanga. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma maso ake sanali pa ine, anali pakamwa panga. Ine kunama sindidziwa, iwe ukudziwa. Ndinangoti, mlamu, Glória ameneyo ngakhale mutamuona simungachite naye nsanje. Anaika chitsononkho pansi n'kuti, "Kani alamu mukumudziwa? Ndiye kuti ku Nsadzo munamulandira kale." Ndinayesa kukonza, ndinangoonjezera kuononga. Tsopano akuti tonse a kwathu tili mbali yako.

Komanso kalata yako ya kwa mlamu ija unalemba utaledzera? Wokalamba wofuna kusamalidwa! Mlamu akuti wamva, ndi mayi wachuma amene akukuweta.

Choipitsitsa anachita ndi a Welcome ako. Mlamu atapita kukatenga nsapato anawafunsa mochenjera ngati Glória amamudziwa. Iwo poganiza kuti akudziwa kale ndipo akungocheza, anati, "Aaa, mayi, ndani samudziwa? Woyera bwino, mzere wabuluu m'chiuno. Amuna anu amamusambitsa ndi sopo Lolemba lililonse." Anaseka mpaka kumenya chitseko cha shapa, n'kunyamuka. Mlamu anabwerera pansi ulendo wonse. Anandifunsa kuti ngati mikanda yake ya m'chiuno akuidziwa ndi madalaivala omwe, ndi mkazi wamtundu wanji amene mwamuna wake wamutola. Pamenepo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma nditamuyang'ana kumaso kuseka kunandithera.

Mvera tsono. Watumiza mawu kwa alongo ake a Clifford, ankhoswe ake, kuti abwere. Usaiwale kuti nyumba ija ili pamudzi pawo, iwe ndiwe mkamwini. Akangoti basi, njinga yako, nkhwangwa ndi makasu zibwera kuno ku Nsadzo, ndipo ine malo osungira katundu wa munthu wosiyidwa ukwati chifukwa cha bwato ndilibe.

Tsiku labwino ukulidikiralo silibwera. Mkazi uja waonda. Ukuti ukumuteteza ku mantha a madzi, chikhalirecho ukumudyetsa china chowawa tsiku ndi tsiku. Lemba umuuze, apo ayi ndikamuuza ndine.

Florência

*

Mualadzi, 10 Julaye 2022

A Octávio,

Ana ali bwino. Nsapato zamukwana Albina, akuthokoza. Amayi akudwala chifuwa koma akudya.

Ndakhala masabata asanu ndi limodzi osakuyankhani kuti mwina mulemba nokha zoona. Simunalembe. M'malo mwake munatuma alongo anu kudzandinyengerera, iwonso lilime linawaterera.

Sindinakhalepo mkazi wofufuza m'zikwama, koma mwandiphunzitsa. M'chikwama chimene munasiya pa Pasaka, m'kathumba kam'mbali, ndapezamo chipewa choyera. Kutsogolo kwake kwasokedwa dzina ndi ulusi wabuluu, Glória. Ndinakhala nacho pansi nthawi yaitali. Ine ndakuchapirani zaka zonsezi, ndakuberekerani ana atatu, sindinaganizepo zolemba dzina langa pamutu panu ngati thumba la kuchigayo. Iye wangokudziwani chaka chino, walemba kale, inu n'kumavala.

Tsopano zambiri ndazimvetsa. Nsomba zouma munabwera nazo zija, zimene munati munagula pamsika koma mtengo wake munaiwala. Kuda kwa nkhope ndi mikono, munthu wogwira ntchito m'galaja pansi pa denga. Ndiye kuti mumayenda naye poyera, dzuwa likuswa mtengo, opanda ndi manyazi omwe.

Zikundiwawa, bambo a Albina, ndisakubisireni. Kutchalitchi ndikayamba nyimbo ya Ulemerero, aphunzitsi a Ivone akaitchula m'Chipwitikizi, ndimamva dzina lake lomwelo, Glória. Mpaka m'nyumba ya Mulungu wanditsatira.

A Clifford ndalankhula nawo. Abwera pa 15 Ogasiti, tsiku la chikondwerero cha Amayi Maria, tikatuluka m'tchalitchi. Mukhalepo ndi ankhoswe anu, mudzanene pamaso pa anthu kuti Glória ndani. Mukapanda kubwera, katundu wanu ndamanga kale, apita ku Nsadzo tsiku lomwelo. Sindikuopsezani, ndatopa chabe.

Idesi

*

Tete, 24 Julho 2022

Amake Albina, mkazi wanga,

Kalata yanu yandifika mochedwa ndipo ndaiwerenga nditaima. Khalani pansi powerenga inoyi.

Glória si mkazi. Ndi bwato la injini la a Carlos. Lancha si lanchi yanu ija, ndi dzina la mabwato otere pa Chipwitikizi. Chipewa chija aliyense wokwera ali nacho chake, ndi a dotolo omwe. Mzere wabuluu ndi utoto. Ndaikamo chithunzi kuti muone nokha. Ndimaliyendetsa ndine, pa Zambezi, kuyambira Janeiro. Lumbiro lija ndinaswa, ndipo ndinabisala kuseri kwa mawu amene ndinkadziwa kuti simuwamva. Ndinakulakwirani kawiri.

Poti ndayamba kunena zoona, ndinene zonse. Ndikanatha kukuuzani kuti abwana amandikakamiza, koma pano si choncho. Ndimakonda, amake Albina. Tikachoka m'mawa madzi ali phee, kudutsa pansi pa mlatho, mzinda n'kutsala kumbuyo ndi fumbi lake, mtima wanga umapepuka. Ine amene sabata yonse ndimagona pansi pa magalimoto a eni, pamadzi paja a dotolo amandifunsa ine kuti tidzere kuti. Ndaphunzira kuona mchenga wobisika poyang'ana makwinya a madzi. Ndikudziwa pamene mvuu zimakhala, timazilambalala patali. Tikafika kufupi ndi Boroma timazimitsa injini, a Carlos n'kuyamba kudandaula za mafuta a gazolina ndi za mpongozi wawo, a dotolo n'kumalonjeza nsomba zimene sadzagwira. Amanditcha kapitawo, mwina mongoseka, koma ndimayankha.

Mwezi wa Setembro akukonza feriyasi ya masiku asanu kukwera mtsinje, kugona m'matenti pazilumba. Akhala akukangana mwezi wathunthu za amene adzaphike. Akudalira ine.

Pa 15 Agosto ndibwera. Mukanena mawu amodzi kuti ndisiye, ndisiya, ndibwerera pansi pa magalimoto. Koma musanditumizire katundu ku Nsadzo chifukwa cha mkazi amene kulibe.

Ndine mwamuna wanu wolakwa,
Octávio

*

Mualadzi, 9 Ogasiti 2022

Bambo a Albina,

Tili moyo. Chifuwa cha amayi chachepa.

Kalata yanu ya pa 24 ndailandira dzana. Shapa ya a Welcome inafera panjira, kalatayo inakhala masabata awiri m'galimoto yakufa. Ikanafika nthawi yake sindikanapita kumene ndinapita. Koma mwina zinayenera kutero.

Ndinabwera ku Tete. Simunandione, ine ndinakuonani.

Nditaona kuti simukuyankha, ndinati ndisathetse ukwati ndisanaone nkhope ya amene wauthetsa. Lachisanu ndinakwera lole ya chimanga. Pamlatho waukulu uja ndinatseka maso mpaka anzanga anandigwedeza kuti tawoloka. Loweruka m'mawa ndinafika pagalaja panu, ndinafunsa mlonda kuti Glória amakhala kuti. Sanadabwe n'komwe, anangondilozera njira yotsikira kumtsinje. Ndinati ehe, ndi wa m'mabala a m'mphepete mwa madzi. Ndinavula chitenje chanu chobiriwira n'kuchimanga m'chiuno zolimba. Ine amene sindinamenyanepo ndi munthu chibadwire, tsiku limenelo ndinali wokonzeka.

Pansi pa mtengo ndinapeza mayi wachikulire atakhala pampando, mwendo atausanjika pa dengu. Woyera, wonenepa bwino, ndolo zagolide. Ndinati ndi yemweyu. Ndinaima patsogolo pake osapereka ndi moni womwe, ndinati, "Ndinu a Glória?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyankha m'Chinyungwe chawo chija, koma ndinamva. "Ine ndine Marta, mwananga. Bondo landikaniza kukwera lero. Glória ndi uyo akubwera apoyo."

Ndinatsata chala chawo. Panalibe mkazi. Panali madzi, ochuluka kuposa amene ndinawaonapo, ndi kabwato koyera pakati pake, mzere wabuluu m'mbali, dzina lija ndi zilembo zomwe zija za pachipewa. Ndipo woimirira pachiwongolero munali inu.

Ndinakhala pamchenga. Sindinaonenso Tete. Ndinaona Luia, ndi atate atakweza dzanja kundiuza kuti ndidikire pomwepo abwera kudzanditenga. A Marta anandipatsa madzi akumwa, anandifunsa kuti ndine yani. Nditawauza anagwira pakamwa. Anafuna kukukodolani, ndinawaletsa. Tinakhala pamenepo awiri tikuyang'ana. Kenako anati, "Ine madzi sindiwakonda, mwananga. Ndimakwera nawo chifukwa kudikira kumtunda kuno n'kowawa kuposa."

Munadutsa pafupi ndithu. Abwana anu ananena kanthu, inu munaseka mutu mutagadamitsa, mano onse pamtunda. Kuseka kumeneko ndinakuona komaliza Albina asanabadwe. Ndinaonanso china. Abwana anu anavala chijekete chofiirira chija choyandamitsa munthu, a dotolo anavala. Inu nokha, munthu wa ku Nsadzo amene kusambira kwanu n'kwa m'beseni, munali ndi malaya okha. Ndinanyamuka musanakocheze. Mukanandipeza pamenepo sindikudziwa chimene ndikananena.

Panjira yonse anthu a m'lole ankandifunsa ngati ndachokera kumaliro. Ndinayenera kukondwa, si choncho? Mwamuna wanga alibe chibwenzi. Alamu a Florência akamva adzaseka, a Welcome adzasimba nkhaniyi mpaka ku Chanida, kuti mkazi wa ku Mualadzi anamangira chitenje bwato. Asekeni. Koma ine ndikuti bola akanakhala mkazi. Mkazi ndikanalimbana naye. Mkazi akatopa naye mwamuna amamubweza, ngakhale atamudyera zonse. Mtsinje sunandibwezere ngakhale malaya a atate.

Mwalemba kuti ndikanena mawu amodzi musiya. Pamzere umenewo cholembera chanu munachikanikiza mpaka pepala kuboola. Mawuwo sindinena. Ndikawanena mudzabwerera pansi pa magalimoto, ndipo Loweruka lililonse mudzakhala mukundiyang'ana ngati ndine amene ndinakulandani. Koma musayembekezenso kuti ndinene kuti ndalola. Sindinalole. Lumbirolo munaswa nokha, mulisenze nokha.

Katundu wanu ndamasula, njinga yabwerera pamalo pake. A Clifford sindinawaletse, abwerabe pa 15. Munalumbira pamaso pa ankhoswe anthu akuseka, mudzanene pamaso pa ankhoswe omwewo kuti munalephera, tione ngati adzasekenso. Ndipo mudzalumbire china chimene mungathe kusunga, kuti chijekete chija simudzakwera osavala, kaya kutenthe bwanji, kaya akutcheni kapitawo wamantha.

Dzulo ndinafunsanso aphunzitsi a Ivone funso lina, ulendo uno ndinawatengera ku mapu a kusukulu kuti ndione ndi maso anga. Luia amathira mu Zambezi kumtunda kwa Tete. Ndiye kuti madzi amene mumazimitsirapo injini n'kumacheza za nsomba ndi omwe aja.

Chipewa chanu ndabweza, chili m'phukusi ili. Dzina la Glória sindinalisosole. M'kati mwake ndasokamo la atate ndi ulusi wakuda, Severino. Muzichivala mukamakwera, kuti madziwo akawerenga adziwe kuti pakhomo pano anadya kale.

Ndine mkazi wanu,
Idesi